Vinyo Woyera Wodyera Nsomba: Mafunso ndi Mayankho

Awa ndi mafunso amene anthu amafunsa mobwerezabwereza akafuna kudziwa vinyo woyenera kuika patebulo tsiku limene ndiwo ndi nsomba kapena zina za m'nyanja yamchere. Tayamba ndi osavuta. Pamene nkhani yayankhidwa kale pa funso lina, takulozerani komweko.

Kodi ndi vinyo wotani amene akukambidwa pano?

Ndi vinyo woyera wosatsekemera, wowawasa pang'ono, wopepuka mkamwa, amene mukangofikitsa tambula pamphuno mumamva fungo la zipatso, maluwa kapena masamba. Samata mkamwa. Mukameza amasiya lilime loyera, malovu akutuluka, mtima ukufunanso nthongo ina ya chakudya.

Kapangidwe kake ndi kamene kamamupatsa khalidwe limeneli. Mphesa amazithyola zisanapsetse, asidi akadali wambiri. Amazifinya n'kuchotsa makoko mwamsanga, kenako madziwo amawira ndi yisiti m'matanki achitsulo ozizira, pa madigiri a pakati pa 12 ndi 16 kapena cha pomwepo. Kuzizirako ndi kumene kumasunga fungo kuti lisauluke. Ambiri mwa mavinyo amenewa amalowa m'botolo chaka chisanathe, osagonapo m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak. Mphamvu yake ya mowa imakhala pakati pa 9 ndi 13.5 peresenti.

N'chifukwa chiyani vinyo wotere amagwirizana ndi nsomba?

Amagwira ntchito yomwe ija imene mandimu amagwira mukawafinyira pa chambo chootcha. Nsomba ya m'nyanja yamchere ikangovuulidwa, m'thupi mwake mumayamba kupangika mankhwala otchedwa trimethylamine, ndipo ndi amenewa amene amabweretsa fungo lija lokakamira m'manja ndi m'mbale. Akakumana ndi asidi amasanduka mchere wosauluka, mphuno osamumvanso. Vinyo woyera wa mtundu uwu ali ndi asidi wochuluka, makamaka tartaric ndi malic.

Chachiwiri ndi mafuta. Nsomba yokazinga kapena yothiridwa batala imasiya mafuta pa lilime, ndipo mukadya kangapo kukoma kumayamba kuzilala. Kuwawasa kwa vinyo kumatsuka mafutawo. Chachitatu ndi kulemera: mnofu wa nsomba zambiri ndi wofewa, kukoma kwake n'kosadzionetsera, kotero chakumwa champhamvu chimangoukwirira.

Ndiye vinyo wofiira ndi woletsedwa pa nsomba?

Palibe amene angakumangeni, koma pali chifukwa chimene anthu amamupewera. Vinyo wofiira amawira pamodzi ndi makoko ndi njere za mphesa, ndipo m'menemo ndi mmene mumachokera khambi lija lomanga mkamwa. Pa nyama ya ng'ombe khambilo limafewa. Pa nsomba limatsala lokha, kenako mkamwa mumamveka ngati mwanyambita chitsulo.

Kukoma kwa chitsuloko si maganizo chabe. Mu 2009 akatswiri a kampani ya Mercian ku Japan anasindikiza zimene anapeza atalawitsa anthu mavinyo osiyanasiyana pamodzi ndi ma scallop, tizamoyo ta m'zigoba ta m'nyanja yamchere: vinyo amene anali ndi ayironi wambiri ndi amene ankasiya fungo loipa la nsomba mkamwa, chifukwa ayironiyo amafulumizitsa kuwonongeka kwa mafuta a nsomba. Mavinyo ofiira ambiri ndi amene amakhala ndi ayironi wochulukirapo.

Komabe nsomba zonse si zofanana. Tuna ndi salmon zili ndi mnofu wolimba, wamafuta, ndipo zimakwanitsa kuyenda ndi wofiira wopepuka monga Pinot Noir kapena Cinsault, makamaka mukamuziziritsa pang'ono. Cabernet Sauvignon ndi Shiraz asungireni kanyenya.

Pa botolo alembapo "dry". Ena alembapo "natural sweet". Nditenge uti?

Tengani wa "dry", amene ndi wosatsekemera chifukwa yisiti anadya pafupifupi shuga yense. Ku South Africa lamulo limalola dzina limeneli ngati shuga wotsala sakupitirira magalamu 5 pa lita. Ku Ulaya malire ndi magalamu 4, ngakhale amalola kufika 9 ngati asidi ali wambiri. Pa mabotolo a ku Germany muona "trocken", a ku France "sec", a ku Portugal ndi Spain "seco".

"Natural sweet" ali ndi shuga woposa magalamu 20 pa lita, nthawi zambiri kuposa pamenepo kutalitali. Ndi amene amayenda malonda kwambiri m'maphwando, m'mabotolo akuluakulu ndi m'makatoni aja, ndipo palibe cholakwa kumukonda. Koma pa nsomba yootcha amasokoneza: shuga amaphimba kukoma kwa nsomba, mafuta osatsukika. Malo amodzi okha pamene kashuga kamathandiza ndi pa tsabola, ndipo tafotokoza pa funso la tsabola.

Sindinamwepo vinyo wotere. Ndiyambe ndi uti?

Sauvignon Blanc. Amapezeka pafupifupi m'sitolo iliyonse yogulitsa vinyo, ndipo fungo lake ndi losavuta kulizindikira: magalagadeya, gwafa, manyumwa, udzu wongomweta kumene, nthawi zina tsabola wobiriwira wa m'dimba.

Koma mphesa yomweyo imasintha malinga ndi kumene yalimidwa. Kwawo kwenikweni ndi ku France, ndipo m'chigwa cha mtsinje wa Loire, ku Sancerre ndi ku Pouilly-Fumé, imatulutsa vinyo wodekha, wa fungo losafuula, woyenera nsomba yophikidwa mosachulutsa zokometsera. Ku Marlborough, New Zealand, kumene minda yoyamba ya masiku ano inabzalidwa mu 1973 ndipo kampani ya Cloudy Bay inatulutsa vinyo wake woyamba mu 1985, fungo lake limakulonjerani musanakhale n'komwe pansi. Ameneyu amafuna chakudya chofuula ngati iye: nsomba ya adyo, masamba onunkhira ndi mandimu ambiri. Wa ku South Africa amagwera pakati pa awiriwa, ndipo ndi amene ambiri a ife tingamupeze pa mtengo woti n'kupirira.

Ndimamva anthu akutama Albariño. Ali ndi chiyani chapadera?

Ngati pali vinyo amene anakulira limodzi ndi zakudya za m'nyanja, ndi ameneyu. Amachokera ku Galicia, kumpoto chakumadzulo kwa Spain, m'dera la Rías Baixas, kumene nyanja ya Atlantic imalowerera kumtunda m'zigwa zazitali. Kumeneko si ku Spain kouma kumene ambiri timakuganizira. N'kobiriwira, kwa nkhungu, mvula imaposa mamilimita 1,500 pa chaka.

Chinyontho chotero chimaoletsa mphesa, ndiye alimi amayanga mipesa yawo pamwamba, pa thandala logwiriziridwa ndi mizati ya mwala wa granite, yotalika kuposa munthu, kuti mphepo idzidutsa pansi n'kuumitsa zipatso. Pokolola amachita kukweza manja. Mphesa ya Albariño ndi yaing'ono, ya khungu lokhuthala, ndipo khungulo ndi limene limaiteteza ku chinyontho komanso kupatsa vinyo fungo lake la mapichesi, mandimu ndi maluwa a malalanje. Asidi ndi wambiri, koma vinyoyo ali ndi thupi kuposa anzake ambiri a m'gulu lino, ndipo pomaliza amasiya kakuwawa kakang'ono ngati ka khoko la manyumwa.

Dera la Rías Baixas linavomerezedwa mwalamulo ngati dzina lotetezedwa mu 1988. Mtima wake ndi Val do Salnés, kumene kuli tauni ya Cambados imene imachita chikondwerero cha vinyoyu kumayambiriro kwa August chaka chilichonse. Mukaima m'minda ya kumeneko mumaona maphaka oyandama pa Ría de Arousa, amene amaweterapo ma mussel, tizamoyo ta m'zigoba, pa zingwe zolendewera m'madzi. Anthu ake amadya ma mussel omwewo, ma scallop, nkhanu, ndi octopus wowiritsa wothiridwa mafuta a olive, mchere ndi paprika. Vinyo ndi chakudya zinazolowerana kwa mibadwo, ndipo mukazilawa pamodzi mumamva kuti palibe chikupikisana ndi chinzake.

Mukawoloka mtsinje wa Minho kulowa Portugal, mphesa yomweyo imalembedwa Alvarinho, ndipo yabwino imachokera ku Monção ndi Melgaço. Ku South Africa alimi ochepa ayamba kuilima, monga Newton Johnson ku Hemel-en-Aarde.

Nanga Vinho Verde amene timamuona ku Mozambique?

Ndi mnansi wa Albariño, wochokera kumpoto kwa Portugal m'dera la Minho, limene malire ake anakhazikitsidwa mu 1908. Kawirikawiri amasakaniza mphesa zingapo monga Loureiro, Arinto ndi Trajadura. Ndi wopepuka kwambiri, mphamvu yake cha m'ma 9 mpaka 11 peresenti, ndipo amakhala ndi timathovu tochepa toluma pa lilime. Kale timathovuti tinkabwera tokha vinyo akamapitiriza kuwira m'botolo; masiku ano ambiri amachita kuthiramo mpweya.

Amapezeka ku Maputo, Beira ndi Tete chifukwa cha mbiri ya dzikolo ndi Portugal, ndipo Casal Garcia ndi dzina limene ambiri amalidziwa. Pa ma prawn ootcha a piripiri, adyo ndi mandimu, kukutentha, ndi wovuta kumuposa. Kupepuka kwakeko ndi kumene kumamuthandiza, chifukwa mowa wochepa suputa ukali wa tsabola. Musamufunse zambiri: si vinyo woti mukhale pansi n'kumamusinkhasinkha.

Kodi ma oyster ndi zina za m'zigoba zimafuna vinyo wake wake?

Zimafuna wosanunkhira kwambiri, wowawasa, wosatsekemera ngakhale pang'ono. Oyster wosaphika kukoma kwake ndi madzi a m'nyanja basi, ndipo fungo la magalagadeya limamuposa mphamvu.

Ku France yankho lakale ndi Muscadet, wochokera kufupi ndi mzinda wa Nantes kumene Loire amathira mu Atlantic. Mphesa yake ndi Melon de Bourgogne, imene inafala kumeneko chisanu choopsa cha mu 1709 chitapha minda yambiri. Payokha ilibe fungo lalikulu, ndiye opanga amamusiya vinyoyo atakhala pa nsenga za yisiti nyengo yonse yozizira, mpaka March wa chaka chotsatira kapena kupitirira. Botolo lotero amalembapo "sur lie", ndipo nsengazo zimamupatsa kathupi ndi kafungo ka buledi. Funani lolembedwa Sèvre et Maine. Musamusokoneze ndi Muscat kapena Muscadel, amene ndi mphesa ina ndipo nthawi zambiri vinyo wake ndi wotsekemera.

Chablis, vinyo wa ku France wa mphesa ya Chardonnay, nayenso ndi wotchuka pa ma oyster. Minda yake yabwino ili pa dothi la laimu lodzaza tizigoba ta ma oyster akalekale, a nthawi imene deralo linali pansi pa nyanja. Kum'mwera kwa France kuli Picpoul de Pinet, wolimidwa moyang'anizana ndi thamanda la Thau kumene amaweta ma oyster a ku Bouzigues. Pa atatuwa Muscadet ndi Picpoul ndi otsika mtengo, ndipo pa ntchito imeneyi sachepera Chablis.

Ena amati vinyo wolimidwa pafupi ndi nyanja amamveka mchere. N'zoona?

Mavinyo ena amamvekadi ngati ali ndi kamchere: Albariño, Muscadet, Vermentino wa ku Sardinia ndi Corsica, komanso Assyrtiko wa pachilumba cha Santorini ku Greece, kumene mipesa amailuka ngati dengu pansi penipeni pa dothi la phiri lophulika kuti mphepo isaiwononge. Koma musaganize kuti mizu imayamwa madzi a m'nyanja kapena zigoba za ku Chablis n'kuzithira m'botolo. Mbali yaikulu ya kakomedwe kameneka imabwera ndi asidi wambiri, kusowa kwa shuga ndi nsenga zija. Chimene nyanja imachita mosakayikitsa ndi kuziziritsa minda, mphesa n'kumapsa pang'onopang'ono osataya asidi. Ogulitsa amakonda nkhani ya mchereyo chifukwa imakoma m'makutu.

M'masitolo athu muli wa ku South Africa yekhayekha. Ndisankhe bwanji?

Simukumanidwa kanthu. Ku Cape, kum'mwera kwa dzikolo, vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 February 1659, ndipo munda wa Constantia unakhazikitsidwa ndi Simon van der Stel mu 1685. Madzi ozizira a Benguela amene amadutsa kugombe lakumadzulo, ndi mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa imene amaitcha Cape Doctor, zimaziziritsa minda ya m'mbali mwa nyanja.

Ndiye yang'anani kumene vinyoyo wachokera. Pa botolo pamalembedwa "Wine of Origin" kapena W.O., dongosolo limene linayamba mu 1973, kenako dzina la dera. Pa Sauvignon Blanc madera ozizira ndi Constantia, Elgin, Elim, Durbanville, Darling ndi Walker Bay. Lolembedwa "Western Cape" pokha ndi losakaniza mphesa za madera ambiri. Silikhala loipa, koma silikhalanso ndi khalidwe lakelake.

Ife tikafunsidwa timaloza Chenin Blanc. Ndi mphesa yolimidwa kwambiri m'dzikolo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a minda yonse, ndipo South Africa ili ndi Chenin wambiri kuposa France kumene anachokera. Achikulire amamudziwa ndi dzina la Steen. Kwa zaka zambiri ankanyozeka ngati mphesa yopangira brandy ndi vinyo wa m'makatoni, n'chifukwa chake mpaka lero mtengo wake umakhala pansi poyerekeza ndi ubwino wake. Amanunkhira maapulo, gwafa ndi mapeyala achizungu, asidi ali bwinobwino, ndipo sakangana ndi chakudya ngati mmene Sauvignon Blanc amachitira nthawi zina. Anthu a ku Cape amamumwera nsomba ya snoek yootcha yopakidwa jamu wa apricot. Pa nsomba tengani wosadutsa m'migolo, amene nthawi zambiri amalembapo "unwooded" kapena "unoaked".

Zonsezi ndi za m'nyanja yamchere. Nanga chambo, usipa ndi kampango?

Mfundo ndi yomweyo, koma musayambe ndi dzina la nsomba. Yambani ndi kaphikidwe ndi msuzi, chifukwa ndi zimene zimamveka kwambiri mkamwa.

Chambo chootcha pamakala, cha mchere ndi mandimu, mnofu wake ndi woyera, wofewa, wotsekemerera mwachibadwa. Chenin Blanc, Albariño kapena Sauvignon Blanc wodekha amachikwana. Chambo chokazinga ndi chipisi chimafuna wowawasa kwambiri wotsuka mafuta, ndipo apa ngakhale wathovu wosatsekemera, monga Cap Classique wa "brut", amachita bwino zedi. Chambo cha msuzi wa tomato ndi anyezi, chodyera nsima, n'chovutirapo, chifukwa tomato ali ndi asidi wakewake amene amachititsa vinyo wofatsa kumveka ngati madzi. Pamenepo pamafunika Sauvignon Blanc wakuthwa, kapena rosé, vinyo wa pinki, wosatsekemera.

Kampango ndi mlamba zili ndi mafuta ndi mnofu wolemera. Zipatseni vinyo wa thupi, Chenin wa mipesa yakale kapena Chardonnay wosachulutsa migolo. Usipa wauwisi wokazinga mpaka kukhukhutika ndi mnzake wa Vinho Verde, monga momwe Apwitikizi amamumwera ndi sardine wootcha. Koma usipa kapena matemba ouma, ndi nsomba yowamba, fungo lake ndi lamphamvu ndipo mafuta ake akhala akukumana ndi mpweya kwa masiku, zimene zimayambitsa kakomedwe ka chitsulo kamene tatchula pa funso la vinyo wofiira, ngakhale ndi woyera. Tinene chilungamo: pa usipa wouma wotendera nsinjiro, botolo lodula ndi kutaya ndalama. Madzi ozizira kapena mowa wamba zimakhala bwino.

Ndimakonda tsabola wambiri. Vinyo angapirire kambuzi?

Mowa umakolezera ukali wa tsabola, shuga amauziziritsa. Ndiye mukachulutsa kambuzi, piripiri kapena kale (curry), funani vinyo wa mphamvu yochepa ndi kashuga pang'ono. Mfumu yake ndi Riesling wa ku Germany, makamaka wa m'chigwa cha Mosel wolembedwa Kabinett kapena feinherb, amene mphamvu yake imatha kutsika mpaka 8 peresenti. Asidi wake ndi wochuluka moti shugayo samata mkamwa. Pa nkhanu kapena ma prawn ophikidwa mu mkaka wa kokonati ndi kale, ndi ameneyu.

Riesling wosatsekemera, monga wa ku Alsace kapena wa ku Clare Valley ndi Eden Valley ku Australia, amanunkhira mandimu obiriwira ndipo amayenda ndi nsomba zosachuluka tsabola. Ku South Africa amalimidwa m'madera ozizira ngati Elgin. Mukakumana ndi botolo lakale lolembedwa Cape Riesling, dziwani kuti imeneyo ndi mphesa ina, Crouchen Blanc. Ndipo Riesling akakalamba n'kuyamba kumveka kafungo ka parafini, sanaonongeke. Ndi chibadwa chake, okonda ena amachita kukafunafuna.

Chardonnay ndi woyera. Bwanji simukumutchula kwambiri?

Chifukwa alipo wamitundu iwiri. Wosadutsa m'migolo, monga Chablis wambiri, ali m'gulu lino. Koma wina amagona m'migolo yatsopano ya oak, ndipo amamudutsitsanso m'kuwira kwachiwiri kumene mabakiteriya amasandutsa asidi wakuthwa wa malic kukhala wofatsa wa lactic. Zotsatira zake ndi vinyo wolemera, wonunkhira batala ndi vanila. Pa oyster kapena usipa ndi tsoka. Pa lobster wa batala kapena nsomba ya msuzi wa kirimu ndi woyenera kuposa onse amene tawatchula.

Kodi vinyo angachuluke fungo mpaka kuononga chakudya?

Eya. Gewürztraminer, Muscat ndi Viognier amanunkhira kwambiri, maluwa ndi zipatso zakupsa, koma asidi wawo ndi wochepa, ndipo ntchito imene tafotokoza pa funso lachiwiri saigwira mokwanira. Pa nsomba yootcha wamba mumangomva mafuta onunkhira. Asungireni zakudya za zokometsera zambiri. Posankha, kuwawasa kukhale patsogolo, fungo libwere pambuyo.

Azizire bwanji?

Pakati pa madigiri 7 ndi 10. Firiji ya kunyumba imakhala cha pa 4, ndiye botolo likagonamo usiku wonse litulutseni mphindi khumi musanathire. Akazizira mopitirira fungo limabisala. Akafunda amamveka mowa ndipo kuwawasa kumagwa. M'miyezi yotentha ya October ndi November vuto limakhala lachiwirili, choncho thirani pang'onopang'ono, botolo likhale m'chidebe, tambula muigwire kumwendo.

Magetsi akazima, chidebe cha madzi oundana osakaniza ndi madzi wamba, n'kuthiramo mchere wodzaza dzanja, chimaziziritsa botolo m'mphindi 15 kapena 20, msanga kuposa firiji. Kuika madzi oundana m'tambula momwemo kumasukulutsa vinyo, koma pa Vinho Verde kapena Chenin wotchipa, masana dzuwa likuswa mtengo, musachite nazo manyazi.

Vinyo wakale ndiye wabwino, si choncho?

Osati wa mtundu uwu. Ambiri amakoma m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, fungo likadali lamoyo. Riesling wabwino, Chablis wa minda yapamwamba, Assyrtiko ndi Chenin wa mipesa yakale amatha kukhala zaka zambiri, koma amenewo ndi ochepa ndipo mtengo wake umakuuzani. Chaka cholembedwa pa botolo ndi chimene mphesa zinakololedwa. Ku South Africa amakolola kuyambira January mpaka March kapena April, ku Ulaya cha mu September, kotero pa mabotolo awiri a chaka chimodzi, la ku Cape ndi lalikulu ndi theka la chaka.

Chimene chimapha vinyo woyera kwathu kuno si zaka zokha koma kutentha ndi kuwala. Botolo layenda pa thiraki masiku angapo, kenako lakhala pa shelefu pafupi ndi zenera. Musatenge loyang'ana dzuwa kapena lomwe lili pansi pa getsi lotentha; pisani kumbuyo. Liunikeni: Sauvignon Blanc wamng'ono ayenera kukhala wotuwa, ndipo ngati wayamba chikasu chakuda ngati uchi, musiyeni pomwepo. Gulani kumene katundu amayenda msanga.

Chitsekero chopotokola si chizindikiro cha vinyo wotchipa. Opanga ambiri a ku New Zealand ndi Australia anasiya cork dala, chifukwa chopotokolacho chimasunga bwino fungo.

Ndikatsegula, angakhale masiku angati? Ndipo ndingadziwe bwanji kuti waonongeka?

Masiku atatu, mwina mpaka asanu, ali wotseka mufiriji. Wotsala pang'ono muthireni m'kabotolo kakang'ono kuti mpweya uchepe. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu a mamililita 150.

Woonongeka ndi mpweya amanunkhira apulo wodulidwa dzulo, kenako viniga. Woonongeka ndi cork amamveka katoni yonyowa kapena chipinda cha nkhungu, ndipo kulesitilanti muli ndi ufulu womubweza. Ndi chifukwa chake amakuthirirani pang'ono kuti mulawe kaye. Timiyala toyera tonga shuga tokhala pansi pa botolo lozizira si magalasi ndipo si vuto, ndi mchere wa asidi wa tartaric umene waundana.

Kodi ndingaphikire vinyo yemweyo?

Inde, ndipo ndi njira yabwino yothera wotsala. Kazingani anyezi ndi adyo mu batala, thirani theka la tambula, muleke awire mpaka atsale theka, kenako ikani nsomba kapena ma mussel n'kuvundikira. Umu ndi mmene amaphikira moules marinières ku France. Gwiritsani wosatsekemera, wosadutsa m'migolo, chifukwa kuwira kumakuza shuga ndi kuwawa kwa oak. Dziwani kuti kuphika kwa mphindi zochepa sikuchotsa mowa wonse, ndiye ngati patebulo pali ana, mayi woyembekezera kapena munthu amene samwa chifukwa cha chipembedzo, thirani madzi a mandimu m'malo mwake.

Ndinamva kuti vinyo amapha tizilombo ta m'nsomba yosaphika. N'zoona?

Ayi. Mowa wa 12 peresenti umene wangodutsana ndi chakudya mkamwa sungaphe mabakiteriya a Vibrio kapena kachilombo ka norovirus zimene zimapezeka mu oyster wosaphika, ngakhalenso nyongolotsi za m'nsomba. Mandimu nawonso sangathe. Zosaphika idyani kokha kumene mukudziwa kuti zasungidwa pozizira kuchokera kunyanja, ndipo amayi oyembekezera, odwala chiwindi ndi amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika azipewe. Nsomba za m'madzi opanda mchere ziphikeni zipse. Ma mussel amene ali otsegula asanaphikidwe ndipo sakutseka mukawagogoda, atayeni.

Pakati pa alendo anga pali osamwa mowa. Ndiwapatse chiyani?

Chakumwa chowawasa, chozizira, chosachuluka shuga. Madzi a soda ofinyiramo mandimu kapena manyumwa amatsuka mafuta bwino lomwe. Madzi a malambe kapena a bwemba osukulutsidwa, shuga wapatalipatali, amayenda ndi nsomba yokazinga, ndipo a magalagadeya osakaniza ndi soda ali ndi fungo lofanana ndi la Sauvignon Blanc. Juwisi wa mphesa wa m'katoni ndi wotsekemera kwambiri pa nsomba. Pali vinyo wochotsedwa mowa amene akupangidwa ku South Africa ndi ku Germany, koma werengani botolo, chifukwa wina amatsala ndi mowa wofika 0.5 peresenti.